Nkhuku za Chinkhoswe

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wake wamkazi. Anapha nkhuku zonse za m'khola n'kuziika m'firiji ya sola imene anagula ku kampani ina ya m'tauni. Lachitatu, chinkhoswe chili Loweruka, firiji ija inangoti zii.

Anaimba foni kukampaniko. Sanayankhe munthu ayi, koma makina. "Ngati mukufuna Chichewa, dinani wani." Anadina. "Ngati ndi za firiji, dinani thuu." Anadina. Kenako kanyimbo, kanyimbo, mpaka foni kuduka. Anayesanso, zomwezo. Anatukwana, koma makina alibe mayi woti ungawatukwanire.

Mlamu wake atabwera kudzathandiza kusinja, anaseka. "Alamu, masiku ano munthu salimbana ndi makina. Mumawatumira makina anzawo." Anamuikira m'foni kanthu kena kamene amati AI, kolankhula ngati munthu. Nangondo anakafotokozera zonse, n'kukatuma.

Tisakanamizire, kanthuko ntchito kanagwira. Kanadina podina, kanadikira kanyimbo kaja osatopa, kanalowa pamene Nangondo sanalowepo. Koma kutsogoloko kanakumana ndi kanzake, pakuti kampani nayo inali itaika kake. Ndiye kunali kupatsana ulemu ngati apongozi akumana panjira. Aka pepani, ako zikomo pomvetsa.

Madzulo kanabweza mawu. "Mayi, dandaulo lanu alilandira. Abwera sabata yamawa."

"Sabata yamawa? Za Loweruka unawauza?"

"Ndinawauza, mayi. Apepesa kwambiri."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ndinawathokoza."

"Unawathokoza! Kachitsiru kaulemu iwe."

Kutacha, Nangondo atatsekula firiji, fungo linamulonjera. Nkhuku za pamwamba zinali zitayamba kale kuwola, za pansi zikadali ndi ayezi pang'ono. Anaganiza za akuchimuna atakhala pamphasa, akuyang'anizana ndi mbale za masamba okhaokha, ndi mwana wake atazolika ndi manyazi.

Sanaimbenso foni. Anatenga nkhuku imodzi yapamwamba, kuiika m'ndowa, kuvundikira, ulendo pa minibasi.

Ku ofesi anapeza bambo wa tayi, maso ali pa kompyuta. "Amayi, madandaulo timalandira pafoni."

Nangondo anaika ndowa patebulo n'kuchotsa chivundikiro. Kenako anakonza chitenje chake, n'kukhala pabenchi.

"Sabata yamawayo ndiidikira pompano, bambo. Ine ndi nkhuku yangayi."

Ogula amene anali pamzere anayamba kutuluka atagwira mphuno. Bambo wa tayi anaimirira, kulowa mkati, kutulukanso ndi makaniko. Dzuwa lisanafike pamutu, njinga yamoto ya makanikoyo inali panjira, Nangondo atakhala kumbuyo. Nkhuku za pansi zinapulumuka, ndipo akuchimuna anadya mpaka kumasula malamba.

Tsono inu mumatiseka ife osadziwa kudina, tamverani. Tumani makinawo akakuimireni pamzere, palibe cholakwa, miyendo yawo situpa. Koma chikayamba kuwola m'nyumba mwanu, nyamukani nokha. Wotumidwa amene fungo silikumufika amavomera tsiku lililonse limene amuuza, n'kuthokozanso.