Sisiteri Amene Anaweruza Mlandu ndi Sewero

Panali sisiteri wina amene ankayang'anira sukulu ya atsikana pa mishoni ina. Anali mayi wolimba mtima, wokonda ana ake, ndipo maso ake sankaphonya kanthu.

Pasukulupo panali mphunzitsi wamwamuna wa kwaya. Sisiteri anaona kuti kwaya ikaweruka, mtsikana mmodzi wa Fomu 3 ankatsalira m'kalasi ndi mphunzitsiyo. Anaona kamodzi, anaonanso. Tsiku lina mtsikanayo anatuluka maso ali psuu. Pomwepo mtima wa sisiteri unagamula kuti munthu uyu akuwononga mwana.

Kodi anamufunsa mtsikanayo? Ayi. Anamuitana mphunzitsiyo? Ayi. Iye ankati kufunsa n'kwa anthu okayika, ndipo iye sankakayika. Komatu umboni woti n'kupita nawo kwa Bambo Mfumu, wansembe wa pamishonipo, analibe.

Tsono linayandikira tsiku lokumbukira woyera amene ndi nkhoswe ya sukuluyo, tsiku limene ana ankachita sewero pamaso pa makolo. Chaka chimenecho sisiteri analemba yekha sewerolo, la mphunzitsi wa kwaya wonyengerera ana. Dzina sanatchule. Koma wosewera mbali imeneyo anamuphunzitsa kukoleka mpango paphewa ndi kutsokomola kawiri asanayambitse nyimbo, ndendende mmene ankachitira mphunzitsi uja.

Holo inadzaza. Poyamba anthu anaseka. Kenako kuseka kunazilala, makosi n'kuyamba kutembenukira kumene anakhala mphunzitsiyo. Ena anatembenukira kwa mtsikana uja. Posakhalitsa mphunzitsi anapempha kuti asamutsidwe, n'kupita kukaphunzitsa kusukulu ina. Mtsikana naye makolo ake anadzamutenga, pakuti akamadutsa anzake ankamutsokomolera kawiri.

Sisiteri anapita kwa Bambo Mfumu, wansembe wokalamba wa parishiyo, nati, "Bambo, ndachotsa fisi m'khola."

Wansembeyo anati, "Asisiteri, ngati anali fisi, mwamutumiza kukhola lina kumene sakumudziwa. Ngati sanali fisi, mwapha munthu akuyenda. Nanga mwanayo anakuuzani chiyani?"

Koma mwanayo sisiteri anali asanamufunsepo kanthu.

Abale anga, musandifunse ngati mphunzitsi uja analakwadi. Ine sindikudziwa. Sisiteri nayenso sakudziwa, ndipo ndi chimene chimamuwawa akagwada m'tchalitchi. Chimandimvetsa chisoni n'choti mayiyu sanali woipa. Ankafuna kuteteza mwana, koma mwanayo ndi amene anachoka atanyamula manyazi, wopanda womumvetsera.

Tanthauzo lake ndi ili. Kukayikira si tchimo ayi. Ukaona chinthu chosalongosoka, makamaka chokhudza mwana, usatseke maso, usakhale chete. Koma kukayikira kumatituma kukafunsa, sikutipatsa mpando woweruzirapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ifenso masewero otere timawachita: pa chitsime, mu Mphakati, ngakhale m'mapemphero, pamene timati "tiyeni tipempherere m'bale wina" tikudziwa kuti aliyense wamuzindikira. Dzina sititchula, ndiye timadziona oyera.

Ambuye anati m'bale wako akalakwa, pita ukakambirane naye muli awiri. Sanati uyambe ndi kumusonkhanitsira anthu. Amene amaona za mumtima ndi Mulungu yekha. Iwe ndi ine anatipatsa miyendo yopitira kwa munthuyo, pakamwa pofunsira, ndi makutu omvera yankho limene mwina sitinkaliyembekezera. Pamene mtima ukukuuza kuti "apa ndiye sindikukayika", m'pamene uyenera kudzuka n'kukafunsa.