Magazi Owawa a Bambo Efulemu

Munthu wosawadziwa dzina a Efulemu Chimphango ankawadziwabe ndi mulu wa matayala akutha umene udali kuseri kwa shedi yawo pamsika wa Mitundu. Matayalawo ankagula kwa madalaivala a mathiraki ochokera ku Beira, n'kumachekamo nkhwaila, malamba omangira katundu panjinga, ndi zodyeramo nkhumba. Adali bambo wa imvi mbuu, koma mpeni ukalowa m'manja mwawo anyamata ankangoti kukamwa yasa. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sitingawamane. Chilema chawo chidali kutama thupi lawo ngati adalipanga okha.

Ankati malungo adawagwiragwira ali mwana mpaka adatopa nawo. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene adalandira kuchipatala ankamwa akakumbukira, ndipo kukumbukirako kudali kwa apo ndi apo. Udzudzu ukawatera pamwendo sankauthamangitsa n'komwe.

"Usiyeni ulawe," ankatero. "Magazi anga adawawa kalekale. Ukafera kutsogoloko."

Mvula itakhazikika, tayala lililonse pamulu paja lidasunga kachithaphwi kake m'mimba. M'menemo mudabadwa udzudzu wachilendo, wakuda wa mawanga oyera, wopanda ulemu wodikira mdima. Unkaluma dzuwa likuswa mtengo. Woyamba kugwa adali Thokozani, mdzukulu wawo wamkazi wa zaka zinayi, amene ankasewera chibisalirano m'matayalamo mayi ake, Lilian, akugulitsa tomato chapafupi.

Lilian sadazengereze. Adamubereka mwanayo mpaka kuchipatala, koma atamuyeza malungo sadapezeke. Thupi lidakanabe kuzizira, mwana akulira mutu ndi mafupa, ndiye adawatumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko n'kumene Lilian adamva koyamba dzina loti dengi, nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu wa mawanga uja. Atabwerako ndi mwana wake ali bwino, adakhala pakhonde n'kufotokozera makolo ake zonse zimene dokotala adanena. Adati nthendayo imagwira aliyense, koma imakonda kugwetsa ana aang'ono ndi anthu achikulire, makamaka odwala kale shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Adatinso ili ndi chinyengo: thupi likangozizira m'pamene pamafunika maso, chifukwa ena amayamba kutaya magazi nthawi imeneyo.

A Efulemu adamva mawu oti ana aang'ono, khutu n'kutseka pompo. Za achikulire zidawadutsa ngati mphepo. Mdzukulu wawo ankamukonda kwabasi, ndipo adachita mantha enieni, choncho adalamula kuti mwana aliyense asapondenso kushedi. Adagulira Thokozani madiresi a manja aatali. Pamenepo adaona ngati nkhani yatha. Akazi awo, mayi Esnart, atawapempha kuti akhuthule madzi m'matayala muja, iwo adayankha kuti sangataye tsiku la ntchito chifukwa cha nthenda ya makanda. Adabwerera pampando wawo pakati pa mulu, kabudula m'chiuno, miyendo pamtunda.

Sipadapite nthawi yaitali. Tsiku lina adabwera kunyumba masana, chinthu chimene sadachitepo, akuti mutu ukuwawa kuseri kwa maso. Podzafika mawa lake thupi lidali moto, msana ndi mawondo ngati wina wawapuntha ndi musi. Za kuchipatala adakana kwamtuwagalu. Adatuma munthu kugolosale kukagula asipirini, n'kumameza awiriawiri. Lilian adawachonderera kuti amwe panado yekha, poti dokotala adaletsa mapiritsi enawo kuti amasungunula magazi, koma bambo ake adamufunsa ngati adabadwa iyeyo poyamba.

Chidawaumitsa mutu kwenikweni chidali china. Loweruka la sabata imeneyo kudali chinkhoswe cha Loveness, mwana wa mlongo wawo, ku Nathenje. A Efulemu ndiwo adali malume wamkulu, mwini mbumba. Ndiwo adayenera kulandira tambala wochokera kuchimuna ndi kupereka msoti, pamaso pa anthu onse. Ankadziwa kuti akangoponda kuchipatala awagoneka, ndipo mwambowo ugwera m'manja mwa mng'ono wawo Mathews, amene iwo ankamuonabe ngati mwana ngakhale nayenso adali ndi zidzukulu.

Ndiye Loweruka m'mawa, taonani, thupi lidazizira. A Efulemu adadzuka, adasamba, adavala jekete yawo yakuda ndi nsapato zopita nazo kutchalitchi. Adayenda pabwalo uku ndi uku kuti aliyense awaone.

"Mayi a Lilian, si ndinkanena? Nthenda yanu ija yandilawa, yalavula."

Mayi Esnart adaima pakhomo, mantha ali poyera pankhope. "Abambo, nkhope yanuyi si ya munthu wochira. Milomo yachita kutuwa. Lilian adanena kuti nthawi yoopsa ndi ino. Tiyeni tidzere kuchipatala, akakuoneni kaye."

"Ababa, ndapota nanu," adatero Lilian. "Chinkhoswe a Mathews angathe kuyendetsa. Inuyo tikakutayani tikutolani kuti?"

A Efulemu adaseka, ngakhale kusekako kudawakoka m'mimba. Adati sadafike poti n'kuphunzitsidwa kudwala ndi mwana wobala okha. Adaitana njinga yamoto, msoti m'manja, ulendo wa ku Nathenje. Mayi Esnart adakwera ina n'kuwalondola, mtima uli m'mwamba.

Msewu wafumbi wodulira ku Nathenje nthawi ya dzinja sufuna munthu wodwala. Njinga inkadumpha m'maenje, ndipo dzenje lililonse linkawabaya m'mimba. Adafika thukuta lozizira lili kamukamu, koma adakhala pampando wakutsogolo mwaufumu, akugwedeza mutu kwa odzawalonjera. Amayi adaimba, adavina, ndalama zidafupidwa. Kenaka nthawi idakwana yoti ankhoswe a mbali ziwiri aimirire.

A Efulemu adaimirira. Adatsegula pakamwa kuti alankhule mawu amene adawakonza kwa mwezi wathunthu, koma mkhoswe wakuchimuna adabwerera m'mbuyo, maso ali pakamwa pawo. Mano awo adali ofiira. Magazi ankatuluka m'nkhama, ena akudontha m'mphuno n'kugwera pamalaya oyera. Adaona anthu akuzungulira, msoti udapulumuka m'manja n'kuthawira pansi pa mipando, ndipo iwo adagwa chagada pamaso pa mbumba yonse imene ankafuna kuionetsa mphamvu.

Ng'oma zidaleka. Loveness adalira ndi chovala chake chachinkhoswe. Mwayi udalipo woti Nathenje ili pamsewu wa tala, ndipo mmodzi wa alendo adali ndi galimoto. Mathews yemwe uja ndiye adawanyamula m'manja mwake ngati mwana, n'kuwatsamiritsa mutu pamiyendo pake njira yonse ya mumzinda.

Kuchipatala adawaika madiripi, ndipo zidafika poti awonjezeredwe magazi. Dokotala adauza mayi Esnart mosabisa kuti akadachedwa pang'ono bwenzi akukamba zina. Atatsitsimuka, a Efulemu adafunsa ndi mawu otsika kuti zatheka bwanji kamwana ka zaka zinayi kupirira nthenda imene yagwetsa iwo. Dokotalayo adati mwana adabwera msanga ndipo adamuyang'anira nthawi yoopsa ija isadafike. Adawonjeza kuti kuzolowera malungo sikuteteza munthu ku dengi, ndipo thupi lachikulire, lokhala kale ndi nthenda ina, silichedwa kugonja. A Efulemu adangoyang'ana thumba la magazi lili lende pambali pa bedi. Magazi awo owawa aja adali atawathawa, ndipo chidawadzutsa ndi magazi a munthu wosamudziwa n'komwe. Adachita manyazi, ndipo adalira.

Chinkhoswe chidachitika tsiku lina iwo adakali m'chipatala. Tambala adalandira ndi Mathews, ndipo onse amene adalipo adati adayendetsa bwino mwambo.

A Efulemu adabwerera ku Mitundu jekete ikulendewera m'mapewa. Mpeni sadauthe kwa nthawi ndithu. Ntchito yoyamba imene adagwira, atakhala pampando, idali kuuza anyamata awiri kuti akhuthule matayala onse, awaboole pansi, awasanje m'kati mwa shedi momwe mvula siifika. Adavala buluku lalitali ndi masokosi, kutentha kusatenthe. Thokozani adabwera kudzaona, adawagwira dzanja n'kuwauza kuti asaope, nayenso adadwala koma adachira. Anthu adaseka, agogowo adaseka nawo.

Mnzawo wina wogulitsa zitsulo adadutsa n'kuwafunsa ngati tsopano achiriratu. A Efulemu akale akadadziguguda pachifuwa. Awa adayamba apenya kumwamba kumene mitambo inkasonkhananso, n'kupenya mulu wa matayala.

"Ndikupezako bwino, achimwene," adatero. "Zoti ndachira mudzandifunse mvula ikatha."

Adali ataphunzira mochedwa, ndi mtengo wowawa, zimene akuluakulu adanena kalekale: linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.