Nsungwi ya Nangondo

Panali bambo wina katswiri wofolera nyumba, ndipo ukatswiri wakewo sindikukokomeza ayi. Koma ntchitoyo sankaigwira yekha. Iye akakwera padenga, mkazi wake Nangondo ankalowa m'nyumbamo n'kuyang'ana kumwamba. Paliponse pamene dzuwa likusuzumira, ankagogodapo ndi nsungwi: "Apa pakuwala, bambo." Mwamunayo n'kuwonjezerapo udzu.

Chaka china akufolera nyumba yawo yomwe, anzake atatu anaima pabwalo n'kumamutamanda. Nsungwi ija inagogoda. Inagogodanso, mpaka kachitatu. Mmodzi mwa anzakewo anaseka, amvekere, "Kani mmisiri weniweni ali m'katimo?"

Manyazi anamugwira, ndiye anakuwa ali padenga pomwepo. "Iwe Nangondo, chibadwire unakwerapo padenga? Usandiphunzitse ntchito yanga."

Nangondo anatsamiritsa nsungwi pakhoma n'kupita kukatunga madzi.

Mvula itabwera, denga linayamba kudontha pakona ya kuchipinda. Nangondo ankangotchera beseni, kusuntha mphasa, madziwo n'kukataya mwamuna asanabwere kuchokera kumunda. Koma madzi ena ankatsikira m'khoma pang'onopang'ono. Tsiku lina masana, mu Febuluwale, khomalo linafewa n'kugwa, denga n'kugwada pansi.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa bamboyo, ataima pamatope a nyumba yake.

"Munati sindinakwerepo padenga, bambo. Ndipo simunaname."

Khoma analimanganso, njerwa sizisunga mangawa. Tsiku lofolera, bamboyo anatenga nsungwi ija, anamupatsa mkazi wake ndi manja awiri, n'kupepesa. Atakwera n'kuyala udzu, anafunsa ndi mawu ofatsa, "Nangondo, ukuona bwanji m'katimo?"

Nangondo anayang'ana kumwamba.

"Zili bwino, bambo."

Anakhala padengapo udzu uli m'manja, akudikira nsungwi igogode. Sinagogode. Kaya denga linalidi bwino, kaya mkaziyo ankaopabe, iye analibe njira yodziwira. Bambo ameneyu amandimvetsa chisoni kwambiri.

Inu amene mukundimvetsera, wokudzudzulani amaima pamalo pamene inu simungathe kuima. Mawu ake amawawa, makamaka pagulu, zimenezo ndikudziwa. Koma mezani malovu, mufunse kuti, "Ndi pati?" Mukamukalipira kamodzi kokha, azingokuuzani kuti zili bwino masiku anu onse, khoma likunyowa.