Amene Mukumunenayo Si Mwana Wanga

Panali mayi wina wamasiye amene anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Esinta. Esinta anabadwa miyendo yosagwira, ndipo lilime lake linali lolemera, mawu ankatuluka limodzilimodzi. Akafuna kupita penapake ankavala patapata m'manja n'kumakwawa. Anakula chotero mpaka kukhala munthu wamkulu.

Koma kuseka kokha Mulungu sanamumane. M'mawa uliwonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa njira yopita kumjigo, akutonola chimanga, ndipo palibe amene ankadutsa osaputidwa. Aliyense anali ndi dzina lomupatsa iye. Mlimi wina waulesi ankamutcha Adzalimamawa. Mayi wina wamiseche ankamutcha Wailesi. Munthu ukabwera utakwiya, Esinta ankayesezera nkhope yako yomweyo mpaka uphulike nako kuseka. Amayi otunga madzi ankachedwa pamtengopo, ndiwo n'kumapserera kunyumba.

Chaka china m'nyengo yozizira chifuwa chinamugwira, ndipo Esinta anamwalira.

Anthu anabwera kudzapepesa. Ankalowa m'nyumba ya siwa, kugwada pafupi ndi mayi uja, n'kunena mawu amodzimodzi: "Pepani mayi. Komabe wapumula, anavutika. Nanunso mwapumula." Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa ine. Mayi uja ankangogwedeza mutu, atafunda chitenje, msozi osatuluka. Ena anayamba kunong'onezana kuti mwina zoonadi katundu wamuchoka.

Ngakhale adzukulu okumba manda, amene mwambo umawalola kuseleula pamaliro, tsiku limenelo anakumba ali duu. Ankaganiza kuti pamaliro a munthu wovutika chotero sipafunika nthabwala.

Itayandikira nthawi yonyamula bokosi, malume ake a Esinta anaimirira kuti anene mbiri ya malemu. Bamboyu ankakhala kutauni. Mwana wa mlongo wakeyo ankamuona pa Khirisimasi pokha, ndipo akabwera ankamuyang'ana miyendo, osati nkhope. Analankhula mwaulemu kwambiri. Anati malemu sanayendepo, sanapite kusukulu, sanakwatiwe, sanasiye mwana. Anati moyo wake wonse unali mtanda, ndipo lero Ambuye amutula. Khamu lonse linavomera kuti, "Zoona."

Mukudziwa inu kuti namfedwa salankhula pabwalo, ena amamulankhulira. Koma mayi uja anachotsa chitenje kumutu, natuluka m'nyumba, nakaima pafupi ndi bokosi.

"Achimwene, takhalani pansi," anatero. "Amene mukumunenayo sindikumudziwa, kaya ndi mwana wa yani. Wanga ine ankaseka mpaka kutsamwa ndi phala. Ndikalola kuti mumuike ndi mbiri imeneyi, mawa mudzi uno udzakumbukira miyendo yake basi. Bokosili silinyamuka mpaka wina anene za Esinta amene ankamudziwa."

Malume aja anakhala pansi, maso ali kudothi.

Kenaka mlimi waulesi uja anaimirira, chipewa chili m'manja. "Ine ndine Adzalimamawa," anatero. "Chaka chino ndinalima munda wonse, chifukwa ndinatopa n'kusekedwa pamtengo paja. Nkhokwe yadzaza. Ndimati ndikamuonetse chimanga changa, koma ndinachedwa." Anthu anaseka, mwiniwake misozi ikutsika.

Mayi wamiseche uja naye ananyamuka. "Ine ankandiuza kuti, 'A Wailesi, zimitsani kaye, mabatire angathe.' Ndimakwiya, koma mawa lake ndimapitanso. Mwamuna wanga atandithawa, m'mudzi muno amene anandiseketsa woyamba ndi iyeyu."

Mmodzi wa adzukulu anayesezera mmene Esinta ankaitanira anthu, mawu ake olemera aja, ndipo bwalo lonse linaseka kuseka kowawa kumene kumathera m'kulira.

Pamenepo mayi uja anagwada, nakumbatira bokosi, nalira kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwana wake. Analira mpaka mawu kusasa. "Esinta mwana wanga, ndiziseka ndi yani? Ndizidzutsa yani m'mawa?" Palibe amene anayerekezanso kumuuza kuti wapumula. Atatha anapukuta nkhope ndi chitenje, nauza adzukulu kuti, "Nyamulani tsopano. Uyu ndiye wanga."

Inu amene mumayenda m'maliro, ndimvereni. Timaona munthu akukwawa, kapena wosaona, kapena wosalankhula bwino, n'kumaganiza kuti tadziwa moyo wake wonse. Akamwalira timathamangira kuuza a kwawo kuti atula katundu. Ndani anakuuzani kuti anali katundu? Manja amene ankamusambitsa aja tsopano alibe chochita m'mawa, ndipo inu mukuti apumula. Mawu otere amamutsekera namfedwa pakhosi, chifukwa munthu sangalire chinthu chimene aliyense akuti ndi mpumulo.

Mukalowa m'nyumba ya siwa, khalani pansi, mufunse kuti, "Kodi ankakonda chiyani? Ankaseka ndi chiyani?" Ngati muli ndi kanu kamene mukukumbukira, kaneneni, ndipo mumutchule dzina. Namfedwa akayamba kulira, musafulumire kumutonthoza. Musiyeni alire, wataya munthu.