Ng'ombe Zakuda za Garland Kocurek

Ine Eusebio Longoria, amene kuno kum'mwera kwa Texas amanditchula Chebo, ndatuta ng'ombe kuchokera ku Alberta mpaka ku Sonora. Malole anga akamalowa pa okushoni, fumbi lake limaphimba dzuwa. Ndadya nyama m'matauni amene ena lilime lingawapindike powatchula. Ndipo ndikunena osaphethira: mundionetse khutu lokha la ng'ombe, ndikuuzani ngati ingapirire chilimwe cha kuno. Wokayika amve za Garland Kocurek.

Garland anasiyiridwa famu ndi bambo ake, malemu Emil, munthu amene anandibwereka misoti ya ng'ombe ndili mnyamata wopanda ngakhale chishalo, n'kunena kuti ndidzabweze ndikadzalemera. Ng'ombe za Emil zinali zofiira, zamakutu olendewera, zakalinunda pamsana, chikopa chapakhosi chili lendelende. Kukongola zinalibe. Koma dzuwa likamaswa mtengo izo zinkangodya msipu, makutu akukupiza, ndipo chaka ndi chaka iliyonse inkagwetsa thole.

Vuto linali pa okushoni. Ogula a kumpoto amafuna ng'ombe yakuda yamakutu aafupi, ndipo thole lamakutu aatali amalitsitsa mtengo. Tsiku lina mathole a Garland akulowa m'bwalo, wogula wina anafunsa mokweza ngati lero akugulitsanso abulu. Anthu anaseka. Garland sanaseke. Anandipeza ndikumwa khofi pakantini, chipewa atachikokera kumaso.

"Chebo, konza lole. Tikatenge nkhunzi ku Nebraska, zakuda bii."

"Ku Nebraska? Mphwanga, kumeneko ndagonako kambirimbiri. Ng'ombe zake zimabadwa zitavala jekete. M'Ogasiti uzizivula ndiwe?"

"Iwe ntchito yako ndi chiwongolero, mkulu. Zoweta usiyire eni ake."

"Chilimwe cha masiku ano si cha nthawi ya bambo ako," ndinatero. "Chikubwera msanga, chikuchedwa kuchoka, usiku nawo sukuziziranso. Anzako akuwonjezera khutu, iwe ukufuna kulichotsa."

"Bambo anafa ndi galimoto yomanga ndi waya chifukwa cha abulu awowo. Ukupita kapena ndipeze lole ina?"

Ndinapita. Nkhunzizo zinali zokongola, ndisaname: misana yotambalala ngati tebulo, ubweya wonyezimira. Koma nditaona timakutu take ndinamuuza pomwepo kuti zidzamuliza. Ng'ombe zofiira anazigulitsa pang'onopang'ono. Mkazi wake, Rhonda, anamupempha kuti asiyeko zochepa, ngakhale zokumbukira apongozi ake. Garland anati msipu si wodyetsa zikumbutso. Zingapo ndinagula ndine, n'kukazisiya kwanga.

Zaka zoyamba mvula inagwa bwino. Mathole akuda anagulidwa pamtengo umene Emil sanaulotepo. Garland anagula galimoto yatsopano ndi chipewa choyera, ndipo tikakumana ankandifunsa kuti, "Abulu ako ali bwanji, mkulu?" Chaka chilichonse ankasunga misoti yakuda kwambiri n'kuikweretsa nkhunzi zakuda, mpaka m'khola lonse khutu la Emil linatheratu.

Kenako chinabwera chilimwe chija. Kutentha kunayamba maluwa akutchire asanafote, ndipo sikunapume. Ng'ombe zakuda zinasiya kudya. M'mawa zinkalowa m'damu n'kuima m'madzi mpaka m'mimba tsiku lonse, malilime ali panja, ntchentche zili waa pamsana. Nkhunzi zinkangogona pansi pa mitengo, zazikazi zikudutsa pamphuno pake osadzuka n'komwe. Damu litaphwa n'kusanduka thope, zina zinatitimira momwemo, ndipo Garland anazikoka ndi thirakitala zitafa kale. Zofiira zija kwanga, pamsipu wouma womwewo, zinkangoyenda ndi mathole m'mbuyo.

Chiweruzo chenicheni chinadza mu Okutobala, tsiku loyeza mabere. Dokotala wa ziweto, Mayi Ybarra, ankapisa mkono mu ng'ombe iliyonse n'kunena zimene wapeza, ndipo Rhonda ankalemba choko pamsana pa yopanda bere. Ine ndinali pachipata.

"Ilibe," anatero dokotala. Inalowa ina. "Ilibe. Iyinso ilibe."

"Pisaninso bwino, adokotala," anatero Garland. "Imeneyo sinaphonyepo."

"Bambo Kocurek, mkono wanga suikamo thole. Nkhunzi zanu kutentha kunaziphikira mbewu, ndipo zazikazi zimene zinatenga bere zinataya. Ndinakuuzani kuti tiyeze nkhunzizo zisanalowe m'gulu."

"Munali mukufuna ndalama zanga basi."

Dokotala anangoitana ina. Dzuwa lisanapendeke choko chinathera m'manja mwa Rhonda, ndipo anayamba kuzipaka thope. Sanamuyang'ane mwamuna wake ngakhale kamodzi.

Ng'ombe yopanda bere imadya koma sibweza kanthu, ndipo udzu wogula chaka chimenecho unali ngati golide. Ndinazituta ndine kupita nazo kokaphedwa, zokongola zomwe zija, nthiti zikuwerengeka. Garland anayenda nane ulendo woyamba. Chigawo cha famu cha kumtsinje, kumene Emil anakumba chitsime ndi manja ake, chinagulidwa ndi anthu a ku Houston ofuna posakira agwape. Rhonda anapeza ntchito kumzinda wa Corpus Christi. Poyamba ankabwera Loweruka lililonse.

Mu Disembala ndinaimika lole pakhomo pake. Garland anatuluka atavala chipewa chakale cha bambo ake.

"Palibenso chotuta, mkulu. Wachedwa."

"Sindinabwere kudzatuta. Tsegula khola."

Inatsika misoti yofiira, zidzukulu za zija anagulitsa, makutu akugunda m'masaya. Garland anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Abulu aja," anatero chapansipansi.

"Omwewo. Ndipo yonse ili ndi bere, Mayi Ybarra apisa okha."

"Ndilibe chokulipira, Chebo."

"Ndani wanena zogulitsa? Bambo ako anandibwereka misoti itatu, n'kumwalira ndisanabweze. Nayi itatu. Ine ndi Emil tathana."

Anayandikira umodzi n'kuugwira khutu, kulisisita ngati nsalu. Ndinamusiya ali chomwecho, iye ndi misoti itatu m'khola limene bambo ake anamangira ng'ombe mazana awiri. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.