Mkuyu wa Malemu Carmine

Ku Hamilton, m'dziko la Canada, mkuyu sugona panja m'chisanu. Novembala aliyense Mayi Assunta ankaitana amuna awiri a kutchalitchi kudzakumba ngalande kuseri kwa nyumba. Ankaupinda mtengowo mpaka ugone m'dzenjemo, mizu ina ikadali m'nthaka, n'kuufunditsa matabwa, kapeti yakale ndi masamba ouma. Kuudzutsa kunali kumapeto kwa Epulo. Amuna awo, malemu Carmine, adabwera nawo kuchokera kwawo ku Calabria, kutsidya kwa nyanja, uli kanthambi kobisa m'sokosi. Pa zonse zimene bamboyo adasiya, ndi mkuyuwo wokha umene unkaberekabe.

Chaka chimenecho dimba lidadzuka bwino. Adyo adaboola nthaka, nsawawa zidamera mzere wonse, pichesi adatupa timaso, mbande za tomato zili ndandanda pawindo la kukhitchini. Mayi Assunta ankangowerenga masiku. Adati akangobwerako kuchipatala kokaonetsa bondo, Loweruka lake mkuyu udzuka.

Tsono panali mkamwini. Mwana wawo Rosalba adakwatiwa mu Januwale ndi Trevor, wogulitsa inshuwalansi, wa manja ofewa ngati buledi, munthu woti chilichonse adachionera kale pafoni. Ankafunitsitsa kuti apongozi amukonde. Lachiwiri, Rosalba atanyamuka ndi mayi ake kupita kuchipatala kuja, iye adajomba kuntchito, n'kufika ndi fosholo ndi sowo wa injini wobwereka kuti akonze dimba mwakabisira.

Adayang'ana mulu wa kapeti yovunda uja, n'kuona dzala. Adavundukula, n'kupeza mtengo wotuwa, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, uli thasa m'dzenje. Mumtima mwake adawamvera chisoni amayi osauka amene adalephera kutaya chimtengo chakufa mpaka kuchikwirira. Bambo Nunzio, nkhalamba ya nyumba yoyandikana, adatulutsa mutu pampanda.

"Iwe mnyamata, mwini wake wamufunsa?"

"Mphatso safunsa, achikulire. Kakhaleni pansi, msana ungakuthyokereni pampanda pomwepo."

Nunzio adayesa kumuuza kuti mtengowo ndi wamoyo, koma sowo anali atalira kale, ndipo Trevor anali atatseka makutu ndi zija amavala anthu osamala thanzi lawo. Nkhalamba idathamangira foni. Koma kuchipatalako Rosalba ndi mayi ake anali atazimitsa mafoni awo.

Mayi Assunta adafika masana, akutsimphina ndi ndodo. Adapeza dimba lili see ngati bwalo la mpira. Pamalo pa mulu paja panali posalala, maluwa achikasu ogula kusitolo atadzalidwa mozungulira, okongola ngati a pamanda. Trevor adaima pambali, thukuta kamukamu, mano onse pamtunda, kudikira chiyamiko. Adafotokoza monyadira kuti ngakhale chitsa adachizula ndi mizu yomwe kuti chisadzawavutitsenso. Chidamutengera maola awiri, ati chinali chouma mutu.

Rosalba adagwira pakamwa. Mayi ake sadalire. Maso awo anali kale pa mpanda, pa khomo la garaja, paliponse pamene nthambi ingagwere. Mkuyu suvuta. Kanthambi kotalika ngati chala, ukakazika m'dothi lonyowa, kamagwira. Carmine adayambira pomwepo.

"Nthambi mwaika kuti, a Trevor?"

"Musadandaule amayi, zonse zapita."

"Zapita kuti?"

Adawauza kuti adazidula bwinobwino, n'kuzimanga mitolo ndi chingwe monga amafunira a khonsolo. Lachiwiri ndi tsiku la galimoto yotenga zinyalala za m'dimba. Idatsala pang'ono kumusiya, koma adaithamangira mpaka pamphambano, mitolo ili paphewa. Pobwerera adasesa ndi timitengo tomwe, n'kupalasa pansi kawiri.

Mayi Assunta adagwada ndi bondo lodwala lomwelo, n'kufukula maluwa aja ndi manja, kusaka kamuzu. Sadapeze kanthu. Mnyamatayo ntchito adaigwira mokhulupirika. Zaka makumi anayi ndi zitatu mtengowo udapirira chisanu cha Canada, n'kudzaphedwa ndi ulemu wa mkamwini tsiku ladzuwa.

"Ndalakwa kapena?" adafunsa Trevor motsitsa mawu.

"Limenelo ndi funso labwino, bambo," adatero mayiwo akudzuka ndi ndodo. "Mukadabwera nalo m'mawa."

Akulu adanena kale kuti safunsa adadya phula. Chimene sadanene n'chakuti nthawi zina amadyetsa ndi apongozi omwe.