Waya wa a Brown

Pa Migowi, kuseri kwa magolosale kuja, panali kanyumba kamene a Brown ankakatchula kuti ofesi. Kale munkasungidwa nandolo, moti fungo la anankafumbwe silinathe, koma inu mukanena kuti "kanyumba" a Brown sankakuyankhani moni. M'menemo munali makompyuta anayi otopa kale, amene mng'ono wawo Goliati anatumiza kuchokera ku Joni atawakulunga m'mabulangete. Goliatiyo pa foni ananena momveka kuti atatu ndi a pa mtundu, yachinayi ndi ya mkazi wake Eliness. A Brown mawu omalizawo anawamvera khutu lija limawavuta.

Ndiye ogwira ntchito analipo anayi: a Brown eni ake, amene ndi mwinimbumba, azichemwali awo awiri, Lenia ndi Fanny, ndi mlamu wawo Eliness wa ku Nkhulambe. Ntchito yake inali yotayipira anthu makalata, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. Pulinta inali imodzi yokha, ndipo musafunse kuti inali pa tebulo la ndani. Aliyense akatayipa ankaika ntchito yake m'kadisiketi, n'kukapereka ndi manja awiri kwa achimwene kuti asindikize.

Tsiku lina a Brown anamva mphekesera yoti Lenia amabisa madisiketi m'chitenje n'kumakasindikiza kwa mnzake wa mu ofesi ina, phindu n'kumadya yekha. Sanafunse. Anagula guluu uja womatira nsapato, n'kutsira m'timabowo ta madisiketi ta makompyuta atatu aja. Atatha anasamba m'manja, n'kunena kuti kuba kwatha.

Kuba kunathadi. Ntchitonso inatha, chifukwa zotayipa zinalibe potulukira.

Apa ndi pamene anaitana Malumbo, mnyamata wa ku Rumphi amene ankakonza makompyuta m'maofesi a pa boma. Malumbo anaona guluu uja, n'kupukusa mutu ngati munthu wafika pa siwa. Kenako anati mankhwala ake ndi kulumikiza makompyuta onse ndi waya, kuti ntchito izidziyendera yokha kupita ku pulinta.

"Njira zilipo zingapo, bambo," anatero akujambula ndi chala pa fumbi la pa tebulo. "Ina ndi ya waya umodzi wodutsa pa onse, ngati mbewa pa mpani. Ina ndi yozungulira, uyu kupatsira uyu, ngati bwalo la tchopa. Koma imene anthu akuchita masiku ano ndi ya kabokosi. Kabokosi pakati, aliyense waya wakewake, ngati masipoko a njinga. Sipoko imodzi ikaduka, njinga imayendabe."

"Pakatipo mwati pakhala ndani?" anafunsa a Brown.

"Kabokosi."

"Ine ndili moyo?"

Malumbo anayesa kufotokoza kuti kabokosiko si munthu, sikadya, sikalankhula pa maliro. A Brown anafunsanso kuti pa masipokopo wamkulu ndi uti. Malumbo anati palibe, onse ndi ofanana.

"Matipate amenewo mukachitire ku boma kwanuko," anatero a Brown. "Muno muli mutu, muli mchira. Ikani wa mpani uja."

M'katoni ya Goliati munalidi waya wakuda wokhuthala wa mtundu wakalewo, ndiye zinawakomera kuti sagula kanthu. Malumbo anati, "Komatu wayayu ali ndi khalidwe lake. Pakangomasuka malo amodzi..."

"Ndikudziwa kale."

"Ndimati onse..."

"Aphiri, ndati ndikudziwa. Ine ndakhalako ku Limbe."

Malumboyo sanali Phiri, koma anaona kuti zimenezonso a Brown akudziwa kale. Anayala waya uja monga anauzidwira, potsata kubadwa. Unayambira kwa a Brown pa windo, n'kupita kwa Lenia, kwa Fanny, n'kukathera kwa Eliness kukhomo, kumene kumalowera fumbi ndi nkhuku za eni ake. Kunsonga zonse ziwiri za waya anapotokolerako kachisoti kachitsulo, kochepa ngati kachivindikiro ka botolo la mankhwala. A Brown kawo ankakapukuta ndi mpango m'mawa uliwonse. Za kukhomo sanapiteko n'komwe kukaona.

Zinthu zinayenda. Lenia akadina, pepala linkatulukira pa mphuno pa achimwene ake. Mbiri inamveka mpaka aphunzitsi aakulu a masukulu a m'deralo anagwirizana zobweretsa mayeso oyeserera a Sitandade 8 kuti atayipidwe pa Migowi pomwepo, m'malo movutika ulendo wa ku Mulanje. A Brown analonjeza atagwira pamtima kuti Lolemba ana adzapeza mapepala pa desiki. Anawauzanso aphunzitsiwo kuti akadzakhutira, ntchito imeneyi ikhale ya chaka ndi chaka. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuvala tayi.

Tsono vuto la kukhomo ndi lakuti mlendo amayamba kuona amene ali kukhomoko. Ndipo Eliness zala zake zinali ngati matalala pa malata, pamene Lenia ankasaka chilembo chilichonse ngati akutola nsabwe m'mutu mwa mwana. Mphunzitsi wamkulu wina atabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera, anaima kukhomo komweko n'kunena mokweza kuti, "Koma mayi awa ndiye mwini wake wa ofesi ino!" Ananena mocheza, munthu wa Mulungu, n'kukwera njinga yake.

Fumbi la njingayo lisanakhale pansi, Lenia anayamba.

"Fanny, wamva? Tili pa ganyu ife."

"Ndamva, achemwali. Mwina tizigwada polowa."

Eliness sanatukule mutu. Anati, "Mukamagwada muzisamala waya."

Apo a Brown anaimirira, n'kukonza tayi. Munthu wanzeru akanaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma iwo anaona kuti mpando wagwedezeka.

"Alamu, ndikukumbutseni. Inu pa waya uyu muli kumchira. Buluzi mchira ukaduka amayendabe, n'kumeranso wina."

Eliness anamaliza kaye mzere umene ankatayipa, poti anali munthu wosasiya zinthu pakati. Kenako anazimitsa kompyuta yake, n'kupotokola chilichonse chimene chinali kumbuyo kwake, n'kukulunga zonse m'zitenje ziwiri. Anaitana anyamata awiri a njinga za hayala. Potuluka anagwada pang'ono mwaulemu.

"Tsalani bwino, alamu. Mumere wina."

Ku Nkhulambe kwawoko magetsi kunalibe. A Brown anaseka mpaka kutsokomola, amvekere akaitayipire ndi nyali ya koloboyi. Limenelo linali Lachisanu.

Loweruka m'mawa Lenia anadina kuti Chingerezi chisindikizidwe. Pulinta inangoti duu. Fanny anadina Chichewa. Duu. A Brown anaimenya pambali monga amachitira ndi wailesi, koma inangowayang'ana ndi kadiso kake kobiriwira. Anati Lenia wagwira pena pake. Lenia anati iye chigwirireni ntchito muno sanagwirepo kanthu kupatula mtima wake. Fanny anati paja Eliness agogo ake anali odziwa zitsamba. A Brown ananyamula pulinta ija n'kukailumikiza pa kompyuta ya Lenia, koma kompyutayo inati chinthu chimenechi sikuchidziwa. Kuti zidziwane pankafunika kadisiketi, ndipo pakamwa pa kadisiketi panali guluu wouma gwa.

Malumbo atabwera sanakhale n'pansi pomwe. Anatsata waya uja kuchokera pa windo mpaka kukhomo, n'kutola nsonga yake imene inali gone pa simenti.

"Kachisoti kapita kuti?"

"Kanga kali apa," anatero a Brown.

"Ka kuno."

"Kameneko n'ka kumchira. Kalibe ntchito."

"Bambo, wayayu mawu akafika kumapeto amafuna chowalandira. Akapanda kuchipeza amabwerera, n'kumawombana ndi anzawo m'njira. Ndiye palibe amene amva mnzake, ngakhale inu a pa windo."

"Gulani kena."

"Ku Limbe komwe munakhalako kuja anasiya kalekale kugulitsa zimenezi. Anthu onse anapita ku kabokosi." Malumbo anapukuta m'manja. "Komanso masamu ndi sayansi ankatayipa ndani?"

Zonsezo zinapita ndi kompyuta ya Eliness. Nkhuku ina inalowa, n'kuima pafupi ndi tebulo la Eliness, n'kutulukanso.

Lamulungu a Brown sanapite ku tchalitchi. Anapalasa njinga kulowera ku Nkhulambe, kuzungulira phiri, tayi ili pakhosi, dzuwa likuwaotcha pa dazi. Njira yonse ankakonza mawu: akafika sakapepesa, akangonena kuti katundu wa ofesi abwerere.

Anapeza Eliness ali pakhonde akusola nandolo ndi mayi ake. Kompyuta inali m'nyumba pa mpando, ataifunditsa nsalu yoluka, pamwamba pake ataikapo maluwa apulasitiki. A Brown anayamba, "Alamu, ndabwera kuti..."

Mayi aja anakweza dzanja. "Pepani bambo, muno nkhani za banja sitilankhula ndi mwana. Ali ndi nkhoswe wake. Dikirani amalume ake."

Amalume akewo, a Makina, anali kudimba. Anabwera nthawi imene anafuna iwo, n'kusamba m'miyendo mosafulumira, n'kukhala pa mpando wokhawo umene unalipo. A Brown anapatsidwa mphasa.

"Tikumveni," anatero a Makina. "Koma poti nkhani ndi ya ukwati wa Goliati, tidikire nkhoswe wa kuchimuna."

"Nkhoswe wake ndine."

"Ndinu? Nanga amene wathamangitsa mkaziyu ndani?"

A Brown anayang'ana nyerere imene inkadutsa pa mphasa. "Ndine."

"Ooo. Ndiye mwabwera awiri." A Makina anagwedeza mutu. "Chabwino. Wothamangitsayo auze nkhoswe, nkhoswe auze ine, ine ndiuze mlongo wangayu, iye auze mwana wake. Tikumva kuti kwanuko zinthu zimayenda choncho."

Ndipo zinayendadi choncho, anthu inu. A Brown ankanena mawu, a Makina n'kuwatembenukira mayi aja, mayi aja n'kutembenukira Eliness amene anali pomwepo, kutalika kwake ngati apa ndi apo. Pofika kwa Eliness mawu aja ankakhala atasintha. A Brown anati katundu wa ofesi abwerere, koma a Makina anapereka kuti, "Akuti ofesi yawagwera." Yankho linabwerera njira yomweyo: "Akufunsa kuti mchira sunamerebe?" Anthu oyandikana nawo anabwera ndi timipando tawo. Mayi wina anathamangira kukaphula mphika kuti usapserere, n'kuwapempha kuti asapitirize iye asanabwere.

Dzuwa litapendeka, a Brown ananena mawu amene anakana njira yonse. Anawanena kwa a Makina, koma a Makina anati sanamve bwino, mphepo. Anawanenanso mokweza, mudzi wonse n'kumva kuti mwinimbumba wa pa Migowi walakwa ndipo akupepesa.

Eliness anavomera kubwerera. Koma a Makina anati mwana wawo sayenda madzulo ngati wothawa, adzaperekezedwa mwaulemu kukacha, iwo akamaliza kuthirira mbewu. A Brown anapempha kuti awapatseko kachisoti kokhako. Mayi aja anati katundu wa mwana wawo amayendera limodzi ndi mwini wake.

Lolemba aphunzitsi anafika pa Migowi m'mamawa ndi makatoni oti anyamuliremo mayeso. Anapeza Lenia ndi Fanny atakhala panja, aliyense akuloza mnzake. Anatenga mapepala awo olemba pamanja aja, n'kukawakopera ana pa bolodi ndi choko, monga ankachitira makolo awo. Eliness anafika masana pa njinga, a Makina ali pambuyo ndi kompyuta. Atangobwezera kachisoti kaja, pulinta inadzuka n'kuyamba kulavula Chingerezi chonse ndi Chichewa chonse chimene anadina Loweruka, mapepala mbwee pansi, opanda wowafuna. Chaka chotsatira mayeso anapita ku Mulanje, ndipo akupitabe.

Goliati atamva, anatumiza kabokosi kaja pa basi, n'kunena pa foni kuti pulinta ikhale pa tebulo la mkazi wake, apo ayi makompyuta onse abwerere ku Joni. Ulendo uno a Brown anamvera khutu labwino. Malumbo anabwera kudzayala mawaya anayi ofanana kutalika, ndipo pofotokoza mmene kabokosiko kamagwirira ntchito, a Brown anatsegula pakamwa kuti anene kanthu. Lenia anawayang'ana, Fanny anawayang'ana, iwo n'kutsekanso.

Mukadzadutsa pa Migowi mudzawaona pa windo pomwepo, kompyuta yawo ili yozima masiku ambiri, ntchito ikuyenda osawafunsa. Paja akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.